Kamphonda ka Dzina la a Nakhuwa

Dandaulo langa loyamba ndinalemba Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti chaka chatha, ndipo kope lake la kaboni lili pano, m'fayilo yobiriwira. Dandaulo lachiwiri ndinalemba mwezi womwewo usanathe. Lachitatu ndinapita nalo ndekha ku Ngokwe, ndipo ulendo umenewo ndi umene unaonongeratu zinthu. Kufikira lero a Nakhuwa sanandiyankhe ndi cholembera. Ndaganiza zoiyala nkhaniyi poyera kuti inu owerenga muone nokha ngati n'koyenera kuti munthu atchedwe mfiti chifukwa chokongoletsa pabalaza pa nyumba yake.

Ndine munthu wopuma pa ntchito. Ndinali kalaliki ku Machinga Boma kuyambira masiku amene achikulire ankapatchulabe kuti Kasupe, ndipo nditapuma ndinabwera kudzakhala kwawo kwa mayi a kunyumba, kuno ku Rivirivi, m'boma la Balaka. Ukalaliki unandisiyira khalidwe limodzi: sinditaya pepala, ndipo chilichonse cholowa m'nyumba mwanga ndimachilemba kumene chachokera. (Amake Rozina amati tsiku lina ndidzamata kapepala pa nkhuku. Ndinayesapo kale. Sikamatika.)

Rozina ndi mwana wathu womaliza. Anapeza mnyamata wa ku Ngokwe, dzina lake Yohane, mlimi wa thonje, mwana wovula chipewa akadali kumsewu. Tonse tinamukonda. Chinatsala n'chakuti amalume ake, a Nakhuwa, abwere adzakumane ndi amalume ake a Rozina, alamu anga a Dimingu, kuti agwirizane tsiku la chinkhoswe. Kwa alamu kulibe mipando yoti n'kukhazikapo mlendo, choncho anati akumanirane kwathu. Pa nkhani zoterezi bambo wa mwana alibe mawu, mwambo wathu umatero. Changa ine chinali nyumba, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti nyumbayo indiyankhulire.

Pabalaza pathu nthawi imeneyo panali pomvetsa chisoni. Panali maluwa apulasitiki amene anazilala mpaka sankadziwikanso kuti anali ofiira kapena achikasu, ndi kalendala yakale imene tinkaisunga chifukwa cha chithunzi cha ng'ombe. Ndiye zinangochitika kuti tinali ndi msonkhano wa opuma pa ntchito pa malo ena ogona alendo ku Liwonde. Anzanga akukangana za penshoni, ine maso anali pa makoma. Panali malichero opachikidwa mondandalika, zikho, mikeka, mabotolo akale odulidwa bwino n'kuikamo udzu wouma. Ndinafunsa mtsikana wolandira alendo kuti zimenezi anagula kuti.

"Sitinagule, agogo. Zina n'zakumunda, zina anthu anataya. Ife timapewa zapulasitiki, timasamala chilengedwe. Alendo akunja amazijambula tsiku lililonse."

Ndinalemba mawu amenewo kuseri kwa ndondomeko ya msonkhano. Ndili m'minibasi ndinkangowerengera zinthu zimene takhala tikupondaponda pakhomo osadziwa kuti ndi ulemerero.

Ndinayamba bwino, zimenezo aliyense akuvomereza. Maluwa apulasitiki ndinawachotsa. Amake Rozina anazira khonde ndi dothi lakuda la kumtsinje. Mkeka wakale ndinaudula mbali zothethekazo n'kuuyala patebulo. Malichero awiri obooka, amene ankangodyeramo nkhuku, ndinawatsuka n'kuwakhomera pakhoma, lina pamwamba pa chitseko. Nyanga ya ng'ombe imene ndinatola kuseri kwa msika wa nyama ku Balaka ndinaipala ndi galasi mpaka inawala, ndipo poti m'chilimwe maluwa amasowa, ndinaikamo nthenga za nkhanga.

Kenako ndinafuna timphonda. Zikho zazikulu ndinaziona kuti zingadzaze malo, choncho ndinkapempha tating'ono, touma, ta khosi lalitali. Anansi anandipatsa mosavuta, ena akuseka. A Jailosi, nkhalamba ya kutsidya kwa msewu, anandipatsa kokongola kwambiri. Yohane naye atamva kuti apongozi akufuna mphonda, anabwera nako kamodzi atakakulunga m'mpango.

"Aka ndatenga m'munda mwa amalume, ababa. Anakasiya kuti kakhale ka mbewu, koma ali nato tambiri."

Monga mwa chizolowezi, kamphonda kalikonse ndinakamangirira kapepala pakhosi ndi ulusi wa khonje, polemba dzina la mwini munda ndi kumene kachokera. Ndinkafuna kuti mlendo akafunsa, ndisamachite kukanda m'mutu, komanso kuti opatsawo alemekezeke. Ndikupempha owerenga akumbukire kuti cholinga chinali ulemu.

Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa. Timphonda tija tinayamba kuchita ming'alu. Mnyamata wa pasitolo anati ndigule vanishi, ine ndinakana, chifukwa vanishi ndi mankhwala a m'fakitale ndipo ine ndinali nditalowa m'gulu la osamala chilengedwe. Ndinatola nsatsi kuseri kwa khola, ndinakazinga, ndinasinja, n'kutcheza mafuta ngati mmene ankachitira malemu amayi anga. Nditatidzoza, tinada bii n'kumanyezimira. Mavu atayamba kulowamo kuti amange, ndinatseka kukamwa kwa kalikonse ndi chitsononkho. Pansi pake, pa shelefu ya nsungwi, ndinayala chidutswa cha nsalu yofiira chimene chinatsala posoka diresi.

Amake Rozina anaima pakhomo n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Rozina, zimenezi mwaziyang'anitsitsa?"

"Ndaziyang'anitsitsa. N'zachilengedwe."

"Ine ndikuona ngati talowa kwa asing'anga. Nyanga iyo, ndege izo, nsupa izi. Kwatsala mchira wa nyumbu basi."

Ndinawafotokozera modekha, ngati munthu wophunzira, kuti nsupa imakhala nsupa chifukwa cha zimene zili m'kati mwake, ndipo m'timphonda tanga munali mpweya wokhawokha. Ndinawauzanso kuti ku Liwonde azungu amajambula. Anati azungu sakwatira ku Rivirivi. Mawa lake ananyamuka kukadwazika mchemwali wawo ku Ulongwe, atandilamula kuti akamabwera apeze ndachotsa. Rozina anapita nawo.

Sindinachotse. Ndinaona kuti chimene chinawaopsa ndi kudako, choncho panafunika mitundu yowala kuti zisangalatse maso. Ndikufunafuna ulusi m'chipinda, ndinapeza chitini chakale cha mkaka kunsi kwa sutukesi yawo, muli mikanda yambirimbiri, yofiira, yoyera, yachikasu, yongokhala. Ndinati nazo zinthu zogwiritsanso ntchito. Kamphonda kalikonse ndinakazengereza mikanda pakhosi, ndipo ka a Nakhuwa ndinakapatsa yofiira ndi yoyera, mizere yambiri kuposa tinzake, poti ndiwo anali mlendo wolemekezeka.

M'masiku omwewo a Jailosi anatisiya. Anali okalamba, ndipo shuga anali atawavutitsa zaka zambiri. Mudzi wonse ukudziwa. Titabwera kumanda ndinaona kuti kapepala kawo sikakunenanso zoona. Ndinatenga cholembera n'kuika kamtanda pambali pa dzina lawo, monga tinkachitira m'mabuku a boma. Ndi zokhazo. Kalaliki aliyense akanachita chimodzimodzi.

Amake Rozina ndi mwana wawo anabwerera m'mawa wa tsiku lenileni la alendo n'kulunjika kukhitchini. Pabalaza ndinali nditakiya kuopa fumbi, komanso ndinkafuna kuti adzadabwe. (Anadabwadi. Pamenepo sindinalakwitse.)

A Nakhuwa anafika dzuwa lili pamutu, pa njinga yamoto ya kabaza. Ndi bambo wamfupi, wa jekete yabulauni, woyankhula pang'onopang'ono. Alamu anga a Dimingu anawalandira, ine ndinatsegula chitseko ndi manja awiri. Tinalonjerana, tinafunsana za kumudzi, za mtengo wa thonje, za makolo athu amene onse anachokera kutsidya kwa malire. Koma ndinaona kuti maso awo sakukhazikika. Ankapita pa nyanga, n'kukwera pakhoma, n'kubwerera pa nsalu yofiira. Ine mumtima ndinati munthuyu ali ndi diso la zokongola.

"Malichero awa amapetabe?" anafunsa.

"Iyayi, anapuma ntchito ngati mwini wake," ndinatero. "Pano ali ndi ntchito ina."

Apa ndiyenera kunena za alamu anga. A Dimingu sangaone mpata wonditonza n'kuusiya, ngakhale pamaliro.

"Mafuta akwera, achimwene," anatero, nkhope ili gwa. "Minibasi yadula. Alamu angawa anaona kuti bola kugula ndege ziwiri. Ku Ngokwe amafika tisanamalize kuswa mtedza."

Ine ndinaseka. A Nakhuwa anasekako pang'ono, kukamwa kokha.

Pamenepo amake Rozina analowa ndi beseni la madzi osamba m'manja, nagwada. Akutukula mutu, maso awo anagwera pa shelefu. Madzi anatayikira pa nsapato za mlendo. Anapepesa ndi mawu amene sindinawamvepo pa zaka zonse za banja lathu, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. A Nakhuwa anaona zonsezo: mayi wa pakhomo wayang'ana timphonda, wanjenjemera, wathawa.

Pofuna kukonza zinthu, ndinawaitanira mlendo ku shelefu.

"Tabwerani muone pafupi, achimwene. Kalikonse kali ndi mwini wake."

Anayandikira manja ali kumbuyo. Anawerenga kapepala koyamba mokweza, ngati mwana wa sukulu.

"A Jailosi, Rivirivi. Nanga mtandawu?"

"Anatisiya posachedwapa. Nditangokaika pamenepa kamphonda kawo, sanakhalitsenso. Ndiye ndinamaliza zolembazo."

Anasuntha phazi limodzi. Kotsatira kanali kokhala ndi mikanda yambiri kaja. Aka sanawerenge mokweza.

"Kameneko ndi kanu," ndinatero monyadira. "Anabwera nako Yohane kuchokera m'munda mwanu. Ndimakadzoza m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu."

A Nakhuwa anawerama pang'ono. Kenako analoza kapepalako ndi chibwano.

"Apa mwasiya malo."

"Ndimasiya mpata pa pepala lililonse, achimwene. Sudziwa tsiku limene padzafunike kuwonjezerapo."

Ndalibwereza yankho limeneli m'mutu mwanga kambirimbiri, ndipo mpaka lero ndikuti ndi yankho loona. Koma ndikuvomereza kuti likanatha kudikira tsiku lina.

A Nakhuwa anati aiwala kumuuza kanthu wa kabaza uja. Anatuluka. Tinadikira. Nkhuku inapsa, mpunga unazizira. Chipewa chawo chinatsala pa mpando, ndipo chili m'kabati mwanga, ndinachimata kapepala.

Madzulo ake Yohane anaimba foni. Amalume ake anali atalamula kuti asadzapondenso ku Rivirivi, ndipo nkhani ya chinkhoswe yatha. Rozina sanakuwe, sanandinyoze. Anangokhala pakhonde atagwira foniyo, n'kunena chapansipansi kuti, "Ababa, mwandithamangitsira banja ndi mphonda." Ndakhalapo pamaso pa mabwana aukali ku Boma, koma mawu amenewo ndi amene anandigonjetsa. Amake anandilambalala pakhomo. Anangolowa pabalaza, n'kuvula mikanda pa timphonda tonse kupatula ka a Nakhuwa, kamene ndinali nditakatsekera kale m'kabati ngati umboni.

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinalemba kalata yodandaula kuti mlendo anachoka osatsanzika, ndi kufotokoza mwandondomeko chiyambi cha chokongoletsa chilichonse. Sinayankhidwe. Ndinalemba yachiwiri, n'kuphatikizamo mawu a mtsikana wa ku Liwonde. Ndinamva pambuyo pake kuti makalata onsewo sanatsegulidwe. Anawanyamula ndi timitengo tiwiri n'kukawaponya m'chimbudzi. Uku kumudzi nkhani inali itafala. Mayi wina anabwera m'mamawa ndi nkhuku yoyera kuti ndimuonere amene anaba mbuzi yake. Kutchalitchi benchi yanga inayamba kukhala ndi malo ambiri.

Ndiye ndinaganiza kuti munthu amakhulupirira chimene waona ndi maso. Ndinaika kamphonda kaja m'chikwama pamodzi ndi kalata yachitatu, ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Ntaja, kenako njinga yamoto m'fumbi mpaka ku Ngokwe. Sindinauze aliyense kunyumba. (Mukuona kale chimene ine sindinachione. Zikomo. Mukanakhala pafupi mukanandiuza.)

Ndinawapeza a Nakhuwa ali pakhonde, akusoka thumba la thonje. Atandiona, singano inagwa.

"Achimwene, ndabwera ndi mtendere," ndinatero, n'kutulutsa kamphonda. "Ndabwera nako kuti tithane nazo lero lomwe."

Akazi awo anakokera zidzukulu m'nyumba n'kutseka chitseko. A Nakhuwa anaimirira, msana uli kukhoma.

"Bambo, ine sindinakulakwireni. Ngati ndi mnyamatayo, mutengeni."

"Sindikufuna mnyamata, ndikufuna muone m'kati. Mulibe kanthu."

Ndinazula chitsononkho, ndinakazondotsa, n'kukagwedeza pamaso pawo. Ndinali nditaiwala kuti mafuta a m'mawa uliwonse aja ankalowa pa mng'alu wa pakhosi. Munatuluka madontho akuda, onata, osakanikirana ndi njere zouma ndi mavu awiri akufa, n'kugwera pakhomo penipeni pa nyumba yawo.

Sindidzafotokoza zonse zimene zinatsatira. Ndingonena kuti a Nakhuwa amathamanga kuposa msinkhu wawo, kuti pakhomo paja anapapala ndi khasu n'kukataya dothilo kutali, ndiponso kuti wa njinga yamoto amene anandibweretsa anakana kundinyamulanso. Kamphonda ndinakasiya pakhonde pamodzi ndi kalata. Ndinayenda wapansi mtunda wautali ndisanapeze wondikweza amene anali asanamve.

Nditafika ndinaulula. Amake Rozina anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Mikanda ija mwaisiya komweko?"

"Ili pa kamphondako."

"Bambo a Rozina, mikanda imeneyo mukuidziwa?"

"Ndi ya m'chitini."

"Ndi ya m'chiuno mwanga. Anandipatsa anamkungwi ndisanalowe m'nyumba mwanu. Inu mwaipachika pabalaza, alongo anga aiona, mlendo waiona, lero mwakaionetsa ku Ngokwe."

(Mundifunsa ngati sindinaizindikire. Mandala anga ndi owerengera, zaka zapita, ndipo kunena zoona mikanda imeneyo ndinali ndisanaionepo masana.)

Kwa masiku angapo amake Rozina ankangomuyang'ana mwana wawo amene ankangoonda. Kenako m'mawa wina anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anatenga chitini chija, n'kupita ku Ngokwe okha. Ndinapempha kuwaperekeza ndi fayilo. Anati ndikangotuluka pakhomo, akakwera lichero n'kundisiya.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa Yohane. Amake Rozina anakhala kuseri kwa nyumba ndi amake Yohane ndi akazi a a Nakhuwa, azimayi okhaokha. Anatsegula chitini, n'kutumiza kuti akatenge kamphonda kumene anakataya, afanizire mikandayo. Mayi amene m'moyo wake wonse sanatchulepo zinthu zoterezi ngakhale kwa mchemwali wake, anafotokoza zonse kwa anthu achilendo chifukwa cha mwana wake. Yohane akuti atamaliza kunabuka kuseka koti nkhuku zinabalalika. Akazi a a Nakhuwa akuti anagubuduka pamkeka, akupukuta misozi, n'kunena kuti mfiti imadziwa chimene yagwira. Uyu ndi mwamuna chabe.

Mawu amenewo ndi amene anandimasula, ndipo sindikudziwa ngati ndiyenera kuthokoza. Dzina la ufiti linatha sabata yomweyo. Linabwera lina. Ndikamadutsa pachitsime azimayi amatsokomola, ndipo alamu anga a Dimingu akandiona amangogwira m'chiuno n'kuyamba kuvina pang'onopang'ono, ngakhale pamaso pa abusa.

Koma Rozina akudya, akuseka. A Nakhuwa anatumiza mawu apakamwa kuti chinkhoswe chichitike tikakolola, ndipo chinachitikadi, kwa alamu, pa mipando yobwereka. Iwo anakhala kutali ndi ine, ndipo pamene ndinatulutsa cholembera kuti ndilembe mphatso, anapita kukaona njinga.

Chimene ndaphunzira n'chakuti chitini cha mkazi wako si zinyalala, ngakhale chikhale ndi dzimbiri. Za kukongoletsa, maganizo anga sanasinthe. Pabalaza paja panali pokongola, ndipo aliyense woona mtima anganene. Malichero ndinawabwezera pakhoma. Pano ndikupala chitsa china chimene ndinatola m'mphepete mwa Rivirivi madzi ataphwa. Chili ndi maso awiri akuluakulu ndi kamlomo kokhota, ngati kadzidzi ndithu, ndipo ndikuona kuti chidzakhala bwino pamwamba pa kabati. Amake Rozina sanachione.

Chatsala ndi ichi. M'kuseka kuja amake Rozina anabwerako ataiwala kuvula mikanda pa kamphonda. Ndamva kwa anthu odalirika kuti kamphonda kanga sikanatayidwenso. A Nakhuwa anakapachika pa mtengo pakati pa munda wawo wa chimanga, kapepala ka dzanja langa kakulendewera, ndipo amauza aliyense kuti kanachokera kwa mkulu wina woopsa wa ku Balaka. Akuti chaka chino palibe wakuba amene waponda m'mundamo.

Choncho, a Nakhuwa, asebere anga olemekezeka, poti makalata anga simutsegula, ndikukupemphani kudzera pano, mwaulemu wonse, kuti nkhaniyi iyankhidwe. Mundilembere, ndi dzanja lanu ndi siginecha yanu, kuti m'kamphonda muja munalibe kanthu koma mafuta a nsatsi. Mutumize munthu adzatenge chipewa chanu. Kamphondako mukhoza kusunga ngati kakukuthandizani, poti kanachokera m'munda mwanu momwemo. Koma mikanda yofiira ndi yoyera imene ili pakhosi pake muivule, muikulunge bwino, ndipo muitumize msanga kudzera mwa akazi anu, osati mwa alamu anga. Eni ake akuifuna, ndipo anena kuti kufikira itabwera, ine ndizigonabe pabalaza pamodzi ndi zokongoletsa zanga.